Mafuta Ogwirana Kukazizira

Padangokhala!

Tilitonse!

Padali gogo wina amene ankakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kufupi ndi msika wa Limbuli. Gogoyu sadabadwire kuno. Kwawo kudali kunyanja ya mchere, m'midzi yozungulira Quelimane, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumene mitengo ya kokonati imandandalika mpaka pomwe maso alekezera. Nkhondo itafika povuta mu 1986, iye adathawa pamodzi ndi khamu la anthu, nawoloka mtsinje wa Muloza mwana ali kumsana. Miphika, mphasa ndi mbuzi adazisiya. Chimene adatenga ndi kachitsulo kamodzi kamano ngati a macheka, kopalira kokonati, kamene adakazula pa kampando ka amayi ake nakamangirira m'chitenje. Nkhondo itatha mu 1992 anzake ambiri adabwerera kwawo, koma iye n'kuti atapeza munda, atamanga nyumba, ataikanso maliro kuno. Adakhala.

Mwana uja adali kumsana adakula nabereka ana aakazi awiri, Mwandida ndi mng'ono wake Tadala, kenaka adatsikira kulichete anawo asadakhwime. Choncho atsikanawa adakulira pakhonde pa agogo awo.

Chaka china njala idalowa m'nyumbamo. Chimanga chidatha m'nkhokwe Okutobala asadafike, ndipo ganyu wa m'minda ya tiyi adali wolimbirana. Tsiku lina la msika, gogo adaona amalonda a ku Mozambique akutsitsa matumba a kokonati amene adadzera nawo ku Mocuba ndi ku Milange. Adaima, natola mmodzi, namugwedeza pakhutu. Misozi idalengeza m'maso mwake. Tsiku lomwelo adagulitsa kambuzi kake komaliza nagula thumba lathunthu.

"Bwerani kuno, adzukulu anga," adatero atafika pakhomo. "Ndalama ndilibe zoti ndikusiyireni, koma zimene amayi anga adaika m'manja mwanga ndiziika m'manja mwanu."

Adayamba ndi kagulidwe. "Kokonati sagula ndi maso, amagula ndi khutu. Mugwedezeni. Madzi akamveka khuvukhuvu, ndiye kuti ali bwino. Akakhala duu, ndiye kuti adang'aluka kapena adaphwa, musiyeni. Timaso take titatuti tikhale touma, topanda nkhungu. Wa mafuta ndi wokhwima, amene wakhala mumtengo miyezi 12. Wanthete ngwakumwa madzi basi."

Adakhomera kachitsulo kaja pa kampando katsopano, nakhalapo chammbali monga ankachitira amayi ake. Adaswa kokonati pakati ndi msana wa chikwanje, nayamba kupala, uku akuimba:

Pala, pala, mdzukulu wanga,
Pala, chigoba chiyere;
Dzuwa libisa, mphepo iulula,
Pala, chigoba chiyere.

Atsikana ankavomera nyimboyo mokondwa, koma tanthauzo lake sadalifunse.

Zopalazo adazithira madzi ofunda, nazifinya kawiri pansalu yochapa bwino, mpaka mkaka woyera mbee udadzaza ndowa. Adauvundikira usiku wonse. M'mawa wokhuthala udali utayandama, madzi ali pansi. Gogo adatapa wapamwambawo ndi chipande, nauteleka pa mbaula ya moto wofatsa.

"Apa ndiye pagona nkhani," adatero. "Kuyenga sikufuna phuma. Mukamamva kuthetheka, madzi akadalimo. Dikirani mpaka mphika utonthole, tinyenyeswa tapansi tifiire ngati mtedza wokazinga. Mukaphula msanga, madzi otsalawo adzasasitsa mafuta m'botolo. Mukasonkheza moto wambiri, adzamveka utsi. Botolo nalo likhale louma gwa, dontho limodzi la madzi lisapezekemo."

Atasefa, kokonati oposa 10 adangodzaza botolo la lita imodzi. Mwandida adaliyang'ana, nayang'ana matuza a m'manja mwake.

"Agogo, thukuta lonse lija kabotolo kamodzi?"

"Mtengo wakewo umadikira zaka 6 kapena kuposerapo usadaone chipatso chake choyamba," adayankha gogo. "Iwe masiku awiri akukanika?"

Madzulo ake adadya chigwada chophikira mkaka wa kokonati ndi nsinjiro, gogo akuwasimbira za mucapata, chakudya cha kwawo cha mpunga, mphodza ndi kokonati. Atasamba, adawapaka timafuta pang'ono m'miyendo ndi m'zidendene thupi likadali lonyowa, nawauza kuti ndi mmene chinyontho chimatsekeredwa m'khungu. Patangotha sabata, ming'alu ya kumapazi idayamba kutsekeka, kutuwa kudachoka, ndipo amayi a m'mudzimo, amene adazolowera mafuta a nsatsi, adayamba kufunsa kumene kukuchokera kafungo kabwinoko.

Tsiku loyamba kupita kumsika, gogo adawaimitsa pakhomo. "Mawu anga ndi atatu. Musasakanize. Musanamize. Musatayane."

Malonda adayamba bwino. Nyengo idali yotentha, ndipo mafuta ankaoneka mbee ngati madzi a pakasupe. Mbandakucha ankachita ngati chifunga pansi pa botolo, koma pofika pamsika dzuwa linkakhala litawasungunula. Njala idatuluka m'nyumba muja. Koma mtima wa Mwandida sudakhazikike. Ankawerenga ndalama madzulo, nawerenganso matuza, naona kuti sizikugwirizana. Pofika Khirisimasi adati akufuna benchi lakelake.

Atapatukana, Mwandida adagula chigubu cha mafuta ophikira a soya nachibisa kuseri kwa mtsuko. M'botolo lililonse ankathira magawo awiri a soya ndi gawo limodzi la kokonati, longokwanira kuti fungo limveke. Mphika ankauphula ukadathetheka, kuti makala asathe. Mtengo adaudula pakati, ndipo pakamwa pake padatseguka.

"Mafuta a kunyanja awa! Oyeretsa khungu! Ophwetsa mimba! Shuga, BP, nyamakazi, zonse kubalalika! Supuni zitatu m'mawa, zitatu madzulo!"

Anthu adakhamukira kumeneko ngati nyerere pa chigoba cha uchi.

Pabenchi la Tadala zinthu zinkayenda mwina. Kudabwera mtsikana wa ziphuphu kumaso, ndalama ili m'manja.

"Andiuza kuti ndikadzola awa ndiyera, ziphuphu zitha."

"Ayi, mnzanga," adatero Tadala. "Awa sayeretsa munthu, ndipo khungu lako lilibe mlandu woti uliyeretsere. Kumaso kwa ziphuphu usadzoleko, chifukwa amatseka timabowo ta khungu, ziphuphu n'kuchuluka. Dzola m'miyendo, m'zigongono ndi m'tsitsi. Uyambe wayesa pang'ono pamkono, uone ngati sakuyabwa."

Mtsikanayo adabweza ndalama m'chitenje, napita kwa Mwandida.

Kudabwera bambo wina wachikulire. "Mwana wanga, akuti awa achiza BP. Ndipatse mabotolo awiri, ndisiye mapiritsi aja."

"Pepani bambo, mapiritsi musasiye. Awa ndi mafuta ophikira ndi odzola, si mankhwala. Alangizi a zaumoyo adatiuza kuti pa magawo 100 alionse a mafutawa, oposa 80 ndi a mtundu wokhuthala uja umene ukachuluka m'thupi umavutitsa mitsempha ya magazi. Kasupuni kamodzi mumphika wa ndiwo kapena wa mpunga n'kokwanira banja lonse. Kumwa ngati thobwa ndiye ayi."

Bamboyo adapukusa mutu. "Wamalonda wotani wonyoza katundu wake?" Naye adapita kwa Mwandida.

Tadala adauza wokazinga tchipisi kuti mafutawa sapirira moto waukulu, amafuka msanga, ndipo kuwabwereza pachiwaya n'kuwaononga. Mayi wina amene mwana wake adapsa ndi phala adamukaniza botolo, namuthamangitsira pa mjigo kuti athire madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, kenaka apite kuchipatala. Tsiku lililonse Tadala ankabweza anthu ambiri kuposa amene ankawagulitsa.

Pofika Epulo, Mwandida adali atafolera nyumba ndi malata, atagula foni ndi njinga. Tadala adali ndi zitenje zake ziwiri zomwe zija. Usiku wina adapita kwa mkulu wake, napeza chigubu chija chili poyera.

"Achemwali, kodi mawu a agogo aja mwawataya?"

"Iwe Tadala, chilungamo amadyera nsima? Anthu akufuna zotchipa, ine ndikuwapatsa. Akufuna kumva kuti achira, ine ndikuwauza. Ndani wadandaula?"

"Nanga bambo aja asiya mapiritsi?"

"Ndi akuluakulu, ali ndi nzeru zawo. Pita ukagone."

Tadala adakalira pamiyendo pa agogo ake. Gogo adaitanitsa Mwandida kawiri, koma iye adangotumiza shuga ndi sopo, osabwera. Ndiye gogo adasisita mutu wa Tadala nati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chili ndi miyezi 12, ndipo si yonse yotentha."

Juni adafika, ndipo chiperoni chidatsika. Phiri lidabisala m'mitambo, kamvula kosalekeza kadawaza usana ndi usiku, mphepo idalowa mpaka m'mafupa. Gogo adagona ndi chifuwa. M'mawa wa tsiku la msika, Tadala adapeza mabotolo ake onse atagwirana gwa, oyera ngati ufa woyera. Adawanyamula osadandaula, poti ankadziwa kuti ndi chikhalidwe chake. Koma tsiku limenelo dzuwa silidatuluke, ndipo mafuta adakhala chigwiranire pabenchi.

Mayi wina adatola botolo, nalizondotsa. Silidadonthe.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Mtsikana wodzitama ndi chilungamo uja wathiramo kandulo!"

"Si kandulo, ndi mafuta a ng'ombe!" adakuwa wina.

"N'chifukwa chake ankadulitsa, ankatiyesa mbuli!"

Tadala adayesa kufotokoza kuti mafuta a kokonati amatero kukazizira, koma mawu ake adamira m'phokoso. Pamenepo mayi wina wachikulire adatembenukira kwa Mwandida.

"Inu mudaphunzira kwa gogo mmodzi. Tiuzeni, kodi mafuta enieni amatero?"

Msika wonse udati zii. Mwandida ankadziwa yankho monga adziwira dzina lake. Pansi pa benchi lake padali mbaula imene ankaothera, ndipo mabotolo adawandandalika pafupi nayo. Adayang'ana mng'ono wake, nayang'ana khamu la anthu, nakumbukira malata ake. Adatola botolo limodzi, nalipendeketsa uku ndi uku.

"Ine sindinena kanthu," adatero. "Onani nokha mmene anga akuyendera."

Basi, benchi la Tadala lidagubuduzidwa, mabotolo adagwera m'matope, ndipo iye adamutengera kwa amfumu ngati mbala.

Uthenga utafika, gogo adadzuka pamphasa. Adafunda bulangeti, nakwera kabaza, kampando kake kali pamiyendo. Atafika pabwalo adagwada, naomba m'manja.

"Zikomo amfumu. Ine pakamwa panga ndi pa nkhalamba, mwina simungapakhulupirire. Ndipempha chinthu chimodzi. Tumani nduna yanu ikagule kokonati kwa wamalonda aliyense amene ingamufune. Apale ndi mayi a kunyumba kwanu, mumphika wanu, pamoto wanu. Ine ndi adzukulu anga tikhala patali, manja ali kumbuyo. Mafuta akatuluka, agone m'nyumba mwanu pamodzi ndi botolo la Tadala ndi la Mwandida. Mlandu mudzaweruze kukacha."

Mwandida atamva dzina lake, m'mimba mudamuwira, koma pokanira padalibe.

Zidachitika momwemo. Tsiku loyamba adapala ndi kufinya, anthu ali bwalo lonse. Tsiku lachiwiri adayenga, gogo akungolangiza ndi pakamwa kuti moto uchepe. Mafuta adatuluka mbee ngati madzi, aliyense adaona. Mabotolo atatu adawaika pawindo la chipinda chopanda moto, nduna idagona pakhomo.

Kutacha, amfumu adatulutsa mabotolowo okha. La mkazi wawo lidali litagwirana gwa, loyera. La Tadala chimodzimodzi, osasiyanitsika. La Mwandida lidali ndi timibulu toyera pansi, pamwamba pali mafuta achikasu oyenda ngati kale. Atalitsegula, mudatuluka kafungo kosasa ngati ka sopo wakale, chifukwa cha madzi aja ankawasiyamo.

Gogo adapempha amfumu kuti atambasule manja. M'dzanja lamanja adaikamo kachibenthu ka mafuta a Tadala, m'dzanja lamanzere kachidutswa ka kandulo. Asadawerenge mpaka 20, kumanja kudali kutasungunuka, mafuta akuyenderera m'zala. Kandulo idakhala chikhalire.

Mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo adaimirira. "N'zoona amfumu. Mafuta a kokonati amagwirana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, ndipo kukakwera amasungunuka. Kugwiranako sikuwaononga. A soya ndi a mpendadzuwa sagwirana ndi kuzizira kwa kwathu kuno."

Gogo adaloza kumene kunkachokera mphepo. "Mphepo imeneyi dzina lake idalitenga kuphiri la Chiperone, kwathu ku Zambezia. Yadziwa mafuta akwawo, yabwera kudzawachitira umboni."

Tadala adakumbukira nyimbo ija, naiyamba chapansipansi: dzuwa libisa, mphepo iulula. Amayi a pabwalo adailandira.

Nyimbo isadathe, kudabwera mnyamata akukankha njinga, pakaliyala pali bambo uja wa mapiritsi. Adali atagona m'chipatala milungu itatu, ndipo dzanja lake limodzi lidali lolobodoka. Sadalankhule zambiri. Adangoika mabotolo awiri opanda kanthu pamapazi pa Mwandida.

Mwandida adagwa pansi nalira, naulula zonse: chigubu, mbaula, ndi mabodza a pakamwa.

Amfumu adagamula kuti abweze ndalama kwa aliyense wobwera ndi botolo lake, alipire zonse zimene banja la bambo uja lidaononga kuchipatala, ndipo alimire munda wawo chaka chimenecho. Kenaka adatembenukira kwa anthu.

"Nanunso musaseke. Kokonati mumamuona mtengo wake pamsika pomwepa. Mudaganiza kuti lita ya theka la mtengo ikuchokera kuti? Mwana uyu ankakuuzani zoona, inu n'kumuthawa. Uyu ankakuuzani zokoma, inu n'kumuthamangira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene mudagubuduza benchi, mukalidzutse, ndipo botolo lililonse losweka mulipire."

Anthu adawerama. Pamenepo gogo adasendera pafupi ndi Mwandida, nalankhula motsitsa, koma onse adamva.

"Mdzukulu wanga, soya uja ndikadamukhululukira msanga, poti umphawi umapusitsa. Chimene chandilasa ndi china. Adakufunsa pamaso pa anthu, mng'ono wako ali m'manja mwa khamu, iwe yankho uli nalo. Udasankha malata."

Mwandida adasowa chonena. Malata adawakhwezula, foni ndi njinga adagulitsa, koma ngongole idatsalabe. Anzake a nthawi ya ndalama adasowa onse. Usiku wina chiperoni chikuwomba, iye ali m'nyumba yopanda denga, adamva kugogoda. Adali Tadala, atanyamula bulangeti ndi kampango ka ndalama.

"Achemwali, tiyeni kwa agogo, kuli moto. Izi mukamalizire ngongole ya bambo aja. Mawa kuli thumba la kokonati lofuna kupala, ndekha sindingalithe."

"Iwe, ine ndidakupereka m'manja mwa anthu. Ukundichitira zimenezi chifukwa chiyani?"

"Mawu a agogo adali atatu. Awiri mudaswa ndinu. Lachitatu ndikaswa ine, titsala ndi chiyani?"

Atalowa m'nyumba, gogo adali khale pafupi ndi moto, botolo logwirana lili m'manja. Adalipereka kwa Mwandida.

"Ukuliona? Kukatentha, enieni ndi onama amayenda mofanana. Kukazizira ndi pamene enieni amagwirana. Ubale nawonso ndi wotero."

Mwandida adapala kokonati chaka chathunthu osakhala pabenchi, chifukwa anthu sadafune kulandira botolo kuchokera m'manja mwake. Munda wa bambo uja adaulima mpaka kukolola, ngakhale dzanja lawo silidabwererenso mwakale, ndipo iye akawaona panjira ankagwada mutu uli pansi. Chaka chachiwiri adayamba kukhala pambali pa mng'ono wake. Wogula akafika, iye ndiye ankayamba kunena kuti, "Awa si mankhwala, mayi. Pophika muzithira pang'ono. Mukafika kunyumba muike botolo pamalo ozizira kwambiri, kapena mufiriji ngati muli nayo. Akagwirana onse mofanana, ndi enieni. Akapatukana, mubwere nalo, ndikubwezereni ndalama." Gogo atamwalira, kachitsulo kaja adasiyira onse awiri, ndipo sadakagawane.

Ana inu, mwamva. Bodza limakhala ndi nyengo yake imene limaoneka bwino, koma nyengo sikhala imodzi. Choona nthawi zina chimaoneka ngati cholakwa, mwini wake n'kugona ndi manyazi, koma kukacha chimadziwika. Mukamagula, musatsate wokuuzani zokoma zokhazokha. Tsatani amene saopa kukuuzani pamene katundu wake alekezera. Mukamagulitsa, kumbukirani kuti mawu anu amakalowa mumphika ndi m'thupi la munthu. Ndipo mbale wanu akamanamiziridwa inu mukudziwa zoona, kukhala chete n'kumuponya mwala.

Nthano yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata pamoto!

Yapserera!